Nthenga za thadzi zikayamba kufwifwa: muyang'ane pati, muchite chiyani

Msoti ukamayandikira kuikira dzira loyamba umachititsa kaso. Wakuda umanyezimira mobiriwira ukaima padzuwa, wofiira umakhala psuu, woyera uli mbee. Pakangotha chaka chimodzi nkhuku yomweyo simungaizindikire. Yakuda ija yachita ngati dzimbiri pamsana, yofiira yatuwa ngati nsalu yochapidwachapidwa, ndipo yoyera yalowa chikasu m'khosi. Woweta akaona zimenezi maganizo amathamangira ku matenda, ndipo ambiri amayamba kuthira mankhwala m'madzi akumwa asanaigwire n'komwe nkhukuyo.

Musanatsegule botolo lililonse dziwani ichi: nthenga ikamaliza kukula imakhala yakufa, ngati tsitsi kapena chikhadabo. Imapangidwa ndi keratin, amene ndi mtundu wa mapuloteni olimba, ndipo pafupifupi magawo 90 pa 100 alionse a nthengayo ndi mapuloteni. Ikamaphuka imakhala ndi magazi mkati mwake, ndipo nthawi imeneyo ndi pamene thupi limaikamo utoto wotchedwa melanin. Utotowu ulipo wa mitundu iwiri, wina wobweretsa kuda, wina wobweretsa kufiira ndi chikasu. Nthenga ikakhwima magazi aja amaphwa, njira imatsekeka, thupi silingawonjezemonso kalikonse. Choncho nthenga yofwifwa singabwerere mwakale ngakhale mutaidyetsa nkhukuyo chakudya chabwino chotani. Chimene mungathe ndi kupeza chomwe chaifwifwitsa, ndi kukonzekera nthenga zatsopano zimene zikubwera.

Choyamba, igwireni nkhukuyo ndi kutsegula nthenga zake

Musaithamangitse masana. Dikirani kuti ilowe m'khola madzulo, muinyamule pamtengo wogonapo, mapiko muwagwire pamodzi ndi thupi. Ngati mukufuna kuona mtundu bwino, isungeni padera mpaka m'mawa, chifukwa kuwala kwa tochi kumanamiza maso.

Tsopano yerekezani malo awiri. Yang'anani pamsana, pamwamba pa mapiko ndi kumbuyo kwa khosi, komwe dzuwa limawomba tsiku lonse. Kenako tukulani phiko muone nthenga za kunsi kwake, ndiponso funyululani nthenga imodzi ya pamsana muone mbali imene imaphimbidwa ndi inzake. Nthenga zimasanjikizana ngati udzu wofolera denga, kotero nthenga iliyonse ili ndi nsonga yowombedwa ndi dzuwa ndi tsinde lobisika. Mukapeza kuti nsonga yokha ndi imene yafwifwa pamene kobisikako mtundu ukadali wowirira, mlandu watha: ndi dzuwa. Cheza cha dzuwa chimaphwanya melanin pang'onopang'ono, monga mmene chimachitira ndi chovala choiwalika pachingwe. Nthenga zakuda zimasanduka zofiirira, zofiira zimatuwa, zotuwa ngati phulusa zimalowa mtundu wa dothi, ndipo zoyera nthawi zina zimachita chikasu. Nkhuku yotere sikudwala. Ikudya, ikupalasa, ikuikira, isiyeni.

Chimene mungachite ndi kuipatsa mthunzi wokwanira, makamaka masana dzuwa lili paliwombo. Mtengo wamasamba, chisakasa, ngakhale matumba omangidwa pamwamba pa mpanda ndi okwanira. Mthunziwo phindu lake lalikulu si mtundu wa nthenga ayi. Nkhuku ilibe thukuta, imadziziziritsa popuma mwawefuwefu kukamwa kuli yasa, ndipo ikatenthedwa imachepetsa kudya ndi kuikira. Koma musaitsekere mumdima pofuna kusunga kukongola kwake. Imafuna dzuwa kuti thupi lipange vitamini D, amene amathandiza kulimbitsa mafupa ndi chikamba cha dzira. Ine ndingasankhe thadzi lofwifwa loothera dzuwa kusiyana ndi lonyezimira lokhala m'chipinda.

Chachiwiri, yang'anani m'mphepete mwa nthenga

Nthenga yatsopano imakhala yosalala, timizere take togwirana bwino, ndipo kusalalako ndi kumene kumabweza kuwala. Kubiriwira kumene mumaona pa nkhuku yakuda si utoto, ndi kuwala kobwerera kuchokera ku kapangidwe ka nthengayo, ndiye nthenga ikangokhulika kubiriwirako kumazimirira ngakhale utoto wakuda ulipobe. Miyezi ikamapita nthenga zimakhulika ndi fumbi, ndi khomo la chisa limene thadzi limalowapo tsiku lililonse, ndi waya wa mpanda. Zoyera ndi zachikasu zimaperepeseka msanga kuposa zakuda, chifukwa melanin amalimbitsanso nthenga.

Malo amene nthenga zawonongeka amakuuzani wolakwa. Ngati zathyoka pamsana ndi kumbuyo kwa mutu, ndi tambala, amene amaponda pamsana ndi kugwira m'khosi ndi mlomo akamakwera. Tambala mmodzi amakwanira matadzi pafupifupi 10, ndipo ngakhale pamenepo amakhala ndi thadzi lake lapamtima limene limatha msana kuposa onse. Mupatuleni kwa masabata angapo. Ngati nthenga zazuka patsinde pa mchira kapena mozungulira potulukira dzira, zinzake zikuijompha, ndipo kawirikawiri chimayambitsa ndi kuthithikana, kusowa chochita kapena njala ya mapuloteni. Pachidali pakakhala poyera popanda chilonda, ndipo nkhukuyo ikukakamira pachisa n'kumakalipa mukaiyandikira, imeneyo yadzizula yokha kuti ifungatire mazira ndi khungu lofunda.

Gwirani, osazula, nthenga imodzi yaikulu ya kuphiko kapena kumchira muiyang'ane mopenyetsa kudzuwa. Mukaona timizere topyapyala todutsa chopingasa, pamene kuwala kukudutsa, dziwani kuti pa tsiku limene gawo limenelo linkakula nkhukuyo inavutika: inagona ndi njala, inasowa madzi, inadwala kapena inachita mantha aakulu. Timizereto timakhalabe mpaka nthengayo idzathothoke, ndipo nthenga imakonda kuthyokera pomwepo.

Nkhukuyo mukadali nayo m'manja, funyululani nthenga pamwamba pa tsinde la mchira. Pali kachotupa kakang'ono ngati nsonga ya bere, kamene kamatulutsa mafuta. Nkhuku imatapa mafutawo ndi mlomo n'kumadzola nthenga zonse ikamadzipesa. Nkhuku yodwala imasiya kudzipesa, ndipo pamasiku ochepa chabe imaoneka yotuwa ndi yanyankhalala. Kutuwa kwa mtundu umenewu kumabwera mwadzidzidzi, pamene kwa dzuwa kumatenga miyezi.

Chachitatu, fufuzani tizirombo pakhungu

Apa ndi pofunika kudekha, chifukwa ndi pamene kufwifwa kumakhala chizindikiro cha vuto lenileni. Gawani nthenga mpaka muone khungu, mozungulira potulukira dzira, kunsi kwa mapiko ndi m'khosi. Nsabwe za nkhuku ndi zachikasu chotuwa, zimathamanga zikaona kuwala, ndipo zimadya nthenga ndi mfundu za khungu. Ngakhale zitathawa, mazira ake sathawa: amamatirira patsinde pa nthenga ngati timibulu toyera touma. Utitiri wina umamatirira mozungulira maso, palipombo ndi pandevu, n'kumaoneka ngati timadontho takuda tosasuntha.

Kovuta ndi kachirombo kofiira kokhala ndi khalidwe la nsikidzi. Masana simungakapeze pankhuku. Kamabisala m'ming'alu ya matabwa, kunsi kwa mtengo wogonapo ndi m'makona a chisa, n'kutuluka usiku kukayamwa magazi. Pitani m'khola usiku ndi tochi, pukutani kunsi kwa mtengo wogonapo ndi pepala loyera. Likatuluka ndi mizere yofiira, tilipo. Nkhuku zimene zayamba kukana kulowa m'khola madzulo nthawi zambiri zikuthawa timeneti. Timatha kukhala miyezi ingapo osadya, ndiye kungotulutsa nkhuku kwa sabata sikuthandiza.

Mukapeza tizirombo, thirani mankhwala nkhuku zonse, osati yofwifwa yokhayo, ndipo khola nalo lilandire. Chotsani ndi kutentha udzu wa m'chisa, kolopani ming'alu, kenako bwerezani pakatha masiku 7 mpaka 10, chifukwa mankhwala ambiri sapha mazira a tizirombo, ndipo amene anatsala amakhala ataswa. Gwiritsani ntchito mankhwala olembedwa kuti ndi a nkhuku, ndipo tsatirani masiku amene alembedwa oti musadye mazira. Mankhwala a mbewu kapena a agalu asayandikire nkhuku zoikira. Mu 2017 mazira mamiliyoni ambiri anachotsedwa m'masitolo ku Ulaya, kuyambira ku Netherlands ndi Belgium, atapezeka ndi fipronil, mankhwala amene anathiridwa m'makola pofuna kupha kachirombo kofiira komweka. Zimene mwathira m'khola zimakathera m'dzira.

Zikonzereninso malo ouma osambirapo fumbi, a dothi lofewa losakaniza ndi mchenga ndi phulusa la nkhuni pang'ono, pamalo osanyowa ndi mvula. Inde fumbi limakhula nthenga, koma limachotsa mafuta akale ndi kuchepetsa nsabwe.

Chachinayi, siyanitsani kufwifwa kwa nthenga ndi kwa khungu

Anthu ambiri akamati nkhuku yanga yasuluka amakhala akunena miyendo ndi mlomo, osazindikira. Nkhuku za khungu lachikasu zimapeza chikasucho kuchokera ku zakudya monga masamba obiriwira ndi chimanga chachikasu. Zikayamba kuikira, utoto umenewo umapatukira ku yolk, gawo lachikasu la mkati mwa dzira, ndipo thupi limayera motsatana bwino: poyamba potulukira dzira, pamasiku ochepa chabe, kenako mozungulira maso, kenako mlomo pakatha masabata 4 mpaka 6, ndipo pomalizira miyendo, imene imatenga miyezi ingapo. Ikasiya kuikira chikasucho chimabwerera motsatana chimodzimodzi.

Apa ndi pamene oweta ambiri amalakwitsa posankha yoti achotse. Amayang'ana m'gulu, n'kuona thadzi la miyendo yachikasu, nthenga zosalala, lonenepa, amati ili ndiye labwino. Amaona lina lofwifwa, nthenga zothyokathyoka, miyendo yoyera, amati ili latha. Kawirikawiri zimakhala zosemphana. Lonyansalo ndi limene lakhala likudzaza chisa, ndipo lokongolalo lili ndi nthawi yodzipesa chifukwa silikugwira ntchito. Dzira limodzi lili ndi mapuloteni pafupifupi magalamu 6, limatenga maola 24 mpaka 26 kuti lipangike, ndipo nkhuku zamakono zoikira zimatha kufika mazira pafupifupi 300 pachaka. Thupi lotanganidwa chotero silisamala za kukongola. Ngakhale mazira ofiirira amayamba kutuwa chikamba nyengo yoikira ikamapita kumapeto.

Kuti mutsimikize, papasani timafupa tiwiri tosongoka m'mbali mwa potulukira dzira. Pakalowa zala 2 kapena 3 pakati pake, ndipo potulukirapo ndi ponyowa ndi potambasuka, ikuikira. Pakalowa chala chimodzi, pouma ndi pothina, yaima.

Lipombo ndi nkhani ina. La thadzi loikira limakhala lofiira, lofunda ndi lodzaza. Likafota ndi kutuwa pamene nkhukuyo ikufungatira kapena ikusintha nthenga, palibe chodetsa nkhawa. Koma likayera nkhuku ili yofooka, fupa la pachidali lili lakuthwa mukalipapasa, ikutsegula m'mimba kapena ikungoima mapiko ali lende, ganizirani za kuchepa kwa magazi chifukwa cha tizirombo toyamwa kapena njoka za m'mimba, kapenanso matenda ena. Ipatuleni pa zinzake tsiku lomwelo ndipo itanani mlangizi kapena dokotala wa ziweto. Pamenepo za mtundu wa nthenga muziiwale kaye.

Chachisanu, unikani chakudya

Popeza nthenga yokhwima silandiranso kanthu, chakudya chimene mukupereka lero chidzaoneka pa nthenga za mawa. Thadzi loikira limadya magalamu pafupifupi 110 mpaka 120 patsiku, ndipo chakudyacho chiyenera kukhala ndi mapuloteni okwana magawo 16 pa 100 alionse. Chimanga chili ndi magawo 8 kapena 9 okha, ndiponso n'chosauka pa lysine, kamodzi mwa tizigawo timene timapanga mapuloteni. Nkhuku yoyendayenda imadzithandiza ndi ziwala, nyongolotsi ndi masamba, koma yotsekeredwa mumpanda momwe udzu unatha kalekale imadalira dzanja lanu lokha. Mukamaipatsa chimanga, madeya ndi zotsala za kukhitchini basi, imakhuta koma nthenga zake zimatuluka zopyapyala, zouma ndi zosachedwa kuthyoka.

Akatswiri a ziweto anapeza kuti kuchepa kwa lysine, vitamini wotchedwa folic acid, kapena michere ya mkuwa kapena ayironi m'chakudya kumachititsa nkhuku zamtundu wowirira, monga Rhode Island Red, kutulutsa nthenga zosuluka kapena zamawanga oyera. Mkuwa umafunika chifukwa umathandiza pa ntchito yopanga melanin, ndipo methionine, kagawo kena ka mapuloteni ngati lysine, amafunika pomanga keratin. Kusiyana kwake ndi kufwifwa kwa dzuwa n'koonekeratu: nthenga yosowa chakudya imatuluka yosuluka kale, kuyambira kutsinde mpaka kunsonga, ndipo vutolo mumaliona pa nkhuku zingapo nthawi imodzi.

Njira yake si kugula timabotolo ta mchere uliwonse payekhapayekha. Mkuwa ukachuluka ndi poizoni. Perekani chakudya chosakanizidwa kale cha nkhuku zoikira monga maziko, ndipo zina zonse zikhale zongowonjezera pang'ono. Ngati mumasakaniza nokha, onjezani soya wokazinga, ufa wa nsomba kapena mpendadzuwa, pamodzi ndi ufa wa mavitamini wopangidwira nkhuku. Soya wosaphika musapereke, chifukwa ali ndi zinthu zolepheretsa thupi kugaya mapuloteni, zimene zimafa ndi moto. Chakudya chaukungu kapena chokhalitsa m'thumba mpaka kununkha chitayeni. Ndipo onetsetsani kuti zodyeramo n'zokwanira, chifukwa nkhuku yapansi pa zonse m'gulu imatha kugona ndi njala chakudya chilipo.

Chachisanu ndi chimodzi, dikirani nyengo yosintha nthenga ndipo muithandize

Nkhuku imavula nthenga zakale n'kuvala zatsopano pafupifupi kamodzi pachaka. Ikakula, kusintha koyamba kwakukulu kumabwera ili ndi miyezi pafupifupi 16 mpaka 18. Chimene chimayambitsa kwambiri ndi kufupika kwa masana, koma kufungatira, njala, ludzu kapena kusamutsidwa kungayambitsenso. Nthenga zimathothoka motsatana, kuyambira kumutu ndi khosi, kutsikira pachidali ndi pamsana, kenako mapiko ndi mchira, ndipo zonse zimatenga masabata 8 mpaka 12, zina kupitirira. Mazira amachepa kapena kuima kumene, chifukwa thupi silingakwanitse kumanga nthenga masauzande ndi mazira nthawi imodzi.

M'mawa wina mudzapeza nthenga zili mbwee m'khola ngati mwalowa chilombo. Werengani nkhuku zanu, mukapeza zonse zilipo ndiye kuti nyengo yafika. Tambasulani phiko: nthenga zazitali za kunsonga zilipo 10, ndipo zimathothoka kuyambira mkati kupita kunja. Mukaona zatsopano, zoyera bwino ndi zosathyoka, zili pambali pa zakale zofwifwa, mudzadziwa pamene yafika. Imene ikuthothola imodziimodzi idzachedwa kumaliza. Imene ikuthothola zingapo pamodzi n'kuoneka ngati yasosoledwa imamaliza msanga n'kubwerera pachisa, ndipo nthawi zambiri imeneyo ndi yoikira bwino.

Nthawi imeneyi kwezani mapuloteni afike magawo 18 mpaka 20 pa 100 alionse, ndipo chepetsani chimanga chongomwaza. Zigoba zosinja zopatsa kashiamu wolimbitsa chikamba cha dzira muziike m'mbale yapadera kuti zimene zikuikirabe zizitapa zokha. Madzi asaphwe. Musabweretse nkhuku zachilendo kapena kusintha khola. Chepetsaninso kuzigwira, chifukwa nthenga zongophuka, zooneka ngati minga yokutidwa ndi kachikopa kotuwa, zili ndi magazi ndipo zimapweteka. Imodzi ikathyoka imatuluka magazi, ndipo nkhuku zikaona chofiira zimajompha osaleka, ndiye yovulalayo ichotseni mpaka pauma.

Musayese kuzula nthenga zofwifwa kuti zatsopano zimere msanga. N'zoona kuti nthenga yozulidwa ndi tsinde lomwe imameranso pakatha masabata angapo, pamene yothyoka pakati imadikira nyengo yosintha, koma kuzulako n'kuzunza nkhuku, ndipo dzenje la nthenga likavulala nthawi zina limatulutsa nthenga yoyera pamalo pamene panali yakuda.

Pomaliza, weruzani ndi nthenga zatsopano

Jambulani nkhukuyo ndi foni isanayambe kusintha, mudzaijambulenso itamaliza, pamalo omwewo ndi nthawi yofanana. Maso amaiwala msanga. Ngati mtundu wabwerera wowirira, linali dzuwa ndi kukhulika chabe, ndipo chaka chamawa zidzachitikanso.

Ngati zatsopano zatuluka zosiyana ndi zakale koma zosalala ndi zolimba, nkhuku ili yathanzi, ndi chibadwa ndi ukalamba. Mitundu yamawanga monga Ancona ndi Speckled Sussex imawonjezera zoyera ikasintha nthenga, moti ya zaka 4 imakhala yoyererapo kuposa mmene inalili ndi chaka chimodzi. Nkhuku zakuda zokalamba nazo zimatha kutulutsa nthenga zoyera apo ndi apo m'mutu ndi m'mapiko, ngati imvi. Palibe chakudya kapena mankhwala amene angabweze zimenezi, ndipo nkhukuyo sizikuipweteka.

Pali kusintha kumodzi kodabwitsa kumene kumapita mbali ina. Thadzi limagwiritsa ntchito thumba la mazira la kumanzere lokha, ndipo mahomoni ochokera m'menemo ndi amene amachititsa nthenga zake kukhala zozungulira kunsonga ndi zosawala kwambiri. Thumbalo likawonongeka ndi chotupa kapena matenda, mahomoni aja amatsika, ndipo pa kusintha kotsatira thadzilo limatha kuvala nthenga zosongoka ndi zowala m'khosi ndi pamsana ngati tambala, lipombo n'kukula, mwinanso n'kuyamba kulira m'mamawa. Limeneli musaliyembekezerenso mazira. Lipapaseni pamimba, ndipo mukamva kuti ndi potupa kapena polimba, kapena likuyenda choimirira, lionetseni kwa dokotala wa ziweto.